Mpeni Wogwedera Pakhosi

Panali munthu wina woyendetsa ngolo, dzina lake Lufeyo. Chuma chake chonse chinali ng'ombe ziwiri, Bantomu ndi Kapitawo. Ndizo zinkakoka njerwa, chimanga ndi odwala a m'mudzimo, ndipo ndizo zinkadyetsa banja lake. Imodzi ikangotsokomola, Lufeyo chakudya sichinkamulowa.

Lufeyo anali ndi amalume ake amene anakalambira pa ntchito yophikira ansembe ku mishoni. Wansembe wina wa ku Falansa, pobwerera kwawo, anawasiyira mpeni wopinda wa m'thumba. Kunena zoona, mpeniwo unali wosaoneka bwino. Chogwirira chake chinali cha mtengo, chitada ndi thukuta, ndipo chitsulo chake chinali chothimbirira. Koma pakhosi pake panali kamphete kachitsulo. Ukatsegula mpeni n'kupotoza kampheteko, sunkapindikanso ngakhale uukanikize chotani. Amalumewo anadulira zikopa ndi zingwe zaka makumi atatu, mpeni uli chilimbire.

Tsiku lina kunamveka kuti pamsika pabwera mipeni ya mtundu umenewo. Lufeyo anakatsanzika kwa amalume ake kuti akukagula wake.

"Mphwanga, mpeni sasankha ndi maso," anatero amalumewo. "Uutsegule, uugwedeze pakhosi. Ukatero ukanikize msana wake pathabwa. Ukagwedera ngakhale pang'ono, usiye pomwepo. Munthu wa ngolo sagula mpeni wosendera malalanje. Amagula wodulira chingwe tsiku limene ng'ombe yakodwa."

Lufeyo anavomera ndi mutu, monga timavomerera tonse pamene miyendo yayamba kale ulendo.

Pamsika anapeza mayi wina atayala mipeni pachiguduli. Inali ya mitundu iwiri. Ina inali ngati wa amalume uja, ya mtengo wamba ndi kamphete pakhosi. Ina inali yonyezimira, chogwirira chake chopindika bwino, chokhala ndi timisomali tagolide, ndipo pamsana pa chogwiriracho anasemapo kanjuchi. Anzake a pabawo anali pomwepo, ndipo onse maso anali pa ya njuchiyo. Wina anati, "Uwu ndiye mpeni wa bwana. Winawu ndi wa agogo."

Lufeyo ananyamula wa njuchi n'kuutsegula. Anaika chala pakhosi pake mobisa, n'kuukankha. Unagwedera. Sunagwedere kwambiri ayi, unangochita ngati dzino la mwana limene layamba kufuna kuguluka. Koma anaumva. Pamenepa ndi pamene nkhaniyi imandipweteka, chifukwa munthuyo sananamizidwe ndi wina aliyense.

Ngakhale wogulitsayo anamuuza zoona. "Bambo, ngati mukufuna wa ntchito, tengani wamtengowu," anatero mayiyo. "Chitsulo chake chimada, koma chimanoleka ndipo chimasunga kuthwa. Wanjuchiwu ndi wongotengera. Yeniyeni ya njuchi ilipo, ndipo siigwedera, koma ine ndilibe. Kanjuchi aliyense akhoza kusema."

Anzake aja anaseka, amvekere mayi akufuna kugulitsa katundu wokanika. Lufeyo anayang'ana thabwa limene linali pambali pa chiguduli. Kukanikiza mpeni pamenepo kunali kosavuta. Koma anachita manyazi kuoneka ngati munthu wa kumudzi wosadziwa chinthu chabwino. Anatseka mpeni msangamsanga, nalipira, n'kuuponya m'thumba.

Pobwerera sanadzere kwa amalume ake. Analambalala, n'kudzera njira ya kudambo.

Kwa miyezi inayi mpeniwo unamutumikira bwino pa ntchito imene anaugulira. Ankautulutsa pabawo, n'kumasendera nzimbe pang'onopang'ono kuti kanjuchi kaoneke. Anthu ankaupempha kuti augwireko. Nthawi zina, akakhala yekha, chala chinkapita chokha pakhosi paja, ndipo ankamva kuti kugwedera kwakula. Ankangoti adzaumenya ndi hamala tsiku lina.

Kenako dzinja linafika pachimake. Masana ena Lufeyo ankachokera kutsidya ndi ngolo yodzaza matumba a feteleza. Mtsinje wa pakati pa midziyo anali atauwoloka kosawerengeka, ndipo tsikulo madzi ankalekeza m'mawondo. Sanadziwe kuti kumapiri kwagwa chimvula. Ali pakatikati, madzi ofiira anatulukira pokhota, atasenza zitsa ndi mapesi. Tayala limodzi linalowa m'dzenje. Ngolo inapendekeka, n'kugwa cham'mbali, ndipo inayamba kukokera ng'ombe pansi.

Ng'ombe imatha kusambira. Chimene chinkazipha ndi goli, ndi zingwe za nayiloni zimene zinazimangirira m'khosi. Mfundo zinali zitanyowa n'kulimba ngati mwala, moti zala sizikanamasula. Panafunika kudula kawiri kokha, kamodzi kwa Bantomu, kamodzi kwa Kapitawo.

Lufeyo anadziponya m'madzi, nagwira nyanga ya Bantomu. Anatsegula mpeni ndi mano. Chingwe chinali chitalowa m'khungu la ng'ombe, choncho analowetsa nsonga pansi pake n'kukankha ndi mphamvu zake zonse. Mpeni unapindika. Unatsekera pa zala zake zitatu mpaka pafupa.

Sanakuwe. Anautsegulanso ndi dzanja lamanzere, magazi akuyenda ndi madzi, n'kuyesanso. Apa kamsomali ka pakhosi kanathothoka. Chitsulo chinagwera m'madzi osaonekanso, ndipo m'dzanja mwake munatsala chogwirira chokha, kanjuchi kake kakunyezimira bwinobwino.

Kapitawo ndiye anayamba kumira. Bantomu analimbana nthawi yaitali, mphuno ili m'mwamba, diso lili pa mbuye wake. Lufeyo analuma chingwe ndi mano mpaka dzino linathyoka. Anthu a kutsidya anachita kumukoka ndi nsungwi, iye akukana kutuluka.

M'mawa mwake ng'ombe zinapezeka kumunsi, zitakodwa m'bango, zili chimangidwire pa goli limodzi. Mudzi wonse unapita kukaona. Amalume aja anafika pambuyo, akuyenda ndi ndodo. Anayang'ana ng'ombe, anayang'ana dzanja la mphwawo lokulungidwa nsanza. Kenako anapisa m'thumba, natulutsa mpeni wawo wakuda uja, naupotoza kamphete. Anawerama n'kudula chingwe cha Bantomu kamodzi, cha Kapitawo kamodzi. Anaupukuta pa buluku, naubwezera m'thumba. Lufeyo anakhala pansi m'matope n'kulira ngati wamasiye.

Inu amene mwamva nkhaniyi, musafulumire kunena kuti chikomekome cha mkuyu chinamupusitsa. Sanapusitsidwe. Chala chake chinamuuza zoona pamsika pomwe paja, iye n'kutseka msanga kuti anzake asaone. Nanunso muli nacho chimene munachimva chikugwedera tsiku loyamba: mnzanu amene mumamudalira, lonjezo limene munapatsidwa, mwina chikhulupiriro chanu chomwe. Mukudziwa pamene chimagwedera, ndipo mukuopa kuchikanikiza pathabwa. Chiyeseni lero mudakali pamtunda, anthu akusekeni ngati akufuna. Amene anaseka pamsika paja, pamtsinje panalibe ndi mmodzi yemwe.