Malachiwiri a Che Imedi

Munthu akakuuzani kuti, "Ndipatseni ntchito yanu yowawayo, ine sindifuna kanthu," musafulumire kugwirana naye chanza. Ndagulitsa nsapato za kaunjika pa Ntaja zaka makumi awiri, ndipo sindinaonepo katundu waulere amene mtengo wake sunabwere pambuyo. Koma Che Imedi anagwira chanza chotere ndi manja awiri, ndipo patatha zaka zitatu anabwera kwa Shehe Sanudi kudzadandaula.

Linali Lachinayi, titangotha kuswali Asiri, pemphero la chakumadzulo. Shehe anali pakhonde la madarasa, akusoka m'mphepete mwa mkeka wa mumzikiti umene unayamba kumasuka. Munthu ameneyu anthu amamutsata kuchokera ku Nsanama ndi ku Liwonde kudzafunsa za chipembedzo, koma mikeka amasoka yekha, ndipo amasoka moipa. Ine ndinali pambali ndi kabuku kanga, pakuti zilembo za Chiarabu ndayamba kuphunzira imvi zitamera kale.

Che Imedi ndi telala, ndipo pa nkhani yodula nsalu palibe womuposa pa Ntaja. Iyenso amadziwa zimenezo. Anafika atavala mkanjo wosita bwino, foni ili m'manja ngati yotentha.

"Asalaamu aleikumu, Shehe."

"Wa aleikumu salaamu, Che Imedi. Khalani mbali iyi, kuno ndasoka kale."

Imedi anakhala, anayang'ana msokowo, nkhope n'kuchita ngati walawa mandimu.

"Ndikudziwa," anatero Shehe. "Mukanakhala kuti mwabwerera mkekawu ndikanathokoza. Koma si umene wakubweretsani."

"Ndili ndi funso limodzi lokha, Shehe, ndipo yankho lake ndikulidziwa kale. Ndikungofuna kulimva pakamwa panu. Kodi kunena zoona ndi tchimo?"

"Funso limene mwini wake akudziwa kale yankho limafuna kukhalira pansi," anatero Shehe. "Zoona za ndani?"

Apa ndiyenera kufotokoza, pakuti nkhaniyi pa Ntaja tonse tinkaidziwa. Imedi ndi mnzake Twaibu asoka limodzi zaka khumi ndi chimodzi m'shopu ya Abiti Jafali, mayi amene ali ndi makina asanu ndi limodzi pafupi ndi msika. Awiriwa ankadyera mbale imodzi masana, ndipo pa maliro a bambo ake a Imedi amene anathamanga kukagula sanda, nsalu yokulungira mtembo, anali Twaibu. Abiti Jafali ndi bwana wosowa. Anaika lamulo loti Lachiwiri lililonse mmodzi wa awiriwa azitenga njinga yakapalasa, tepi ndi kabuku, n'kuzungulira m'masukulu, m'zipatala ndi m'maesiteti kukayeza anthu ndi kukatula zovala. Sabata ino uyu, sabata yamawa winayo. Ankati, "Ndikufuna anthu akudziweni nkhope. Simudzafera pa makina anga."

Imedi ankadana nalo Lachiwiri. Fumbi, dzuwa, mapiri, ana a sukulu osaima chilili, alonda a pa esiteti ofuna thalauza la munthu wonenepa pamene iwo ndi owonda. Tsiku lina Twaibu, ataona mnzake akung'ung'udza, anati, "Amwene, ndipatseni Malachiwiri anuwo. Ine njinga siindivuta." Imedi anafunsa kuti abweze chiyani. Twaibu anati palibe. Abiti Jafali anamuitanira pambali Imedi n'kumufunsa kawiri ngati waganiza bwino. Iye anati waganiza. Kuyambira pamenepo Lachiwiri lililonse ankakhala pansi pa fani, wailesi ikuyimba, tiyi ali pambali, ndipo ankatiuza kumsika kuti sanapangepo malonda abwino chotere.

Tsopano kampani ina ya ku Limbe, yosoka mayunifolomu ambirimbiri, inali kufuna munthu woyang'anira maoda. Mmodzi wa akuluakulu ake anamuona Twaibu pa esiteti ina akuyeza alonda makumi anayi popanda kukwiyitsa ndi mmodzi yemwe. Anamufunsa dzina. Abiti Jafali atamva sanachite nsanje ngati mabwana ena. Analemba kalata yomuyamikira, n'kumugulira sutikesi. Chinatsala chinali chimodzi: a ku Limbewo ankafuna kulankhula ndi munthu amene wagwira naye ntchito limodzi, asanamuuze tsiku loyamba.

"Pa fomupo analemba dzina langa," anatero Imedi. "Ndi nambala yanga. Aimba lero kapena mawa."

"Anakufunsani asanalembe?"

"Sanafunse n'komwe. Anangoti, 'Ndalemba inu, amwene, ndilembenso ndani?'"

"Ndiye mukufuna kukawauza chiyani?"

Imedi anawongola msana. "Chaka chatha anasokoneza miyezo ya sukulu ina ya kuseri kwa phiri. Ya atsikana a sitandade 3 anailemba kuti ndi ya sitandade 7. Madiresi makumi anayi anatuluka osafika m'mawondo. Abiti anachita kugulanso nsalu. Si bodza ayi, ndinadula ndine madiresiwo. Munthu akufuna kumuika pa maoda a mazanamazana. Kodi si udindo wanga kuwachenjeza? Inu nomwe mumatiphunzitsa kuti wofunsidwa umboni asabise."

"Ndimaterodi," anatero Shehe, akukoka ulusi. "Ndipo sindisintha lero. Koma ndiloleni ndifunse, pakuti ine za utelala sindizidziwa, monga mukuonera. Abiti Jafali anachita chiyani tsiku limenelo?"

"Anaseka. Anati amene sanalakwitsepo muyezo sanayezepo munthu. Madiresiwo tinakagulitsa kwa ang'onoang'ono omwe aja."

"Nanga Twaibu?"

"Anapepesa. Kuyambira pamenepo amalemba kalasi pamwamba pa tsamba lililonse, n'kupempha mphunzitsi asayinire."

"Zimenezo mukawauzanso a ku Limbe?"

"Akafunsa."

"Za madiresizo afunsa?"

Imedi anatembenuza foni m'manja, kenaka zonse zimene anabisa pansi pa funso lake zinatuluka pamodzi.

"Shehe, kusoka kolala ndinamuphunzitsa ndine! Anabwera m'shopu muja osadziwa kugwira sizasi. Mpaka lero jekete likavuta amabwera nalo kwa ine. Ndiye lero iye ku Limbe, nyumba ya mpopi m'kati, ine ndizitsala ndikusoka zigamba za anthu a kabaza? Mkazi wake wabwera kale kawiri kwathu kudzatsanzika. Kawiri! Mkazi wanga akangondipatsa madzi amandiyang'ana ngati ndataya chinachake panjira. M'shopu nkhani ndi Twaibu, Twaibu. Abiti akuti Loweruka tiphike mpunga timutsanzike, ndipo akuti wolankhula ndikhale ine. Masiku anayi tsopano chakudya sichikutsika. Munthu uja anandichenjerera. Anadziwa kuti mwayi uli panjira, n'chifukwa chake anandilanda Malachiwiri anga."

"Anakulandani?"

"Anandinyengerera."

Shehe anatembenukira kwa ine. "Che Bwanali, inu ndinu a malonda. Munthu akagulitsa nsapato mwa kufuna kwake, wamkulu atamufunsa kawiri ngati waganiza bwino, n'kutha zaka zitatu akudzitama kumsika, mumati walandidwa?"

Ndinati ife timati wagulitsa. Ndinafuna kuwonjezera zina, koma Imedi anandiyang'ana moti ndinabwerera ku zilembo zanga.

"Malachiwiri anu amene iye anayenda ndi angati?" anafunsa Shehe.

"Sindinawerenge."

"Kawiri pa mwezi, zaka zitatu. Apitirira makumi asanu ndi awiri. Kuwonjezapo ake omwe. Pa maulendo onsewo analakwitsa kangati?"

"Kamodzi kameneko."

"Funso lomaliza, Che Imedi, ndipo mundikhululukire. Tsiku limene anasokoneza miyezo lija, Lachiwiri limenelo linali lake kapena lanu?"

Nkhuku inadutsa pakhonde, inatiyang'ana, n'kupitirira.

"Kunagwa mvula tsiku limenelo," anatero Imedi motsitsa mawu. "Anabwera atanyowa mpaka kabuku. Ndikukumbuka chifukwa ndinamuseka, n'kumuuza kuti bola iye osati ine." Kenaka anati, "Linali langa."

Shehe anaika singano pansi. Sanakweze mawu, ndiponso sanaoneke ngati wapambana mlandu.

"Mwandifunsa ngati kunena zoona ndi tchimo. Si tchimo. Akaimba muwauze za madiresiwo, ine sindikuletsani. Koma inu ndinu wodula nsalu, mukudziwa kuti munthu angathe kudula kachidutswa pamene pali banga, n'kukaonetsa wogula, n'kulumbira kuti kachokera pa mpukutu womwewo. Sananame. Koma wogulayo wapita kwawo atanamizidwa, ndipo Allah anauona mpukutu wonse. Ngati mukufuna kupereka umboni, tambasulani wonse. Muwauze za mvula, za kusayinitsa aphunzitsi, za maulendo onse aja. Muwauzenso kuti tsikulo anali panjira m'malo mwa ndani, ndi kumene munthuyo anali."

"Ndikanena zonsezo amulemba ntchito ndithu."

"Akhoza kutero. Nanga mukanena kachidutswa kokha, a ku Limbewo n'kumukana, aitana inu?"

"Sandidziwa n'komwe."

"Ndiye mupindula chiyani? Lolemba mudzakhala naye makina oyandikana, iye osadziwa, akukusungirani theka la mbatata yake ngati kale. Mudzaidya?"

Imedi anaphimba nkhope ndi dzanja. "Shehe, inu simukudziwa mmene zikuwawira."

"Ndikudziwa," anatero Shehe. "Ndili mnyamata tinali awiri kwa mphunzitsi wathu, ine ndi mnzanga Mussa Chipojola. Ine ndinkaloweza msanga kuposa iye, ndipo ndinkaonetsetsa kuti aliyense adziwe. Utapezeka mwayi wokaphunzira kunja, mphunzitsi anasankha Mussa, chifukwa ndi amene ankapita naye kumaliro ndi kwa odwala, pamene ine ndinkati zimenezo zinditayitsa nthawi ya mabuku. Sindinamuperekeze pa basi. Anandilembera makalata anayi, sindinayankhe ndi imodzi yomwe. Patatha zaka zisanu ndi zinayi mtima unatsika, ndinamulembera. Anayankha ndi mkazi wake, kundiuza kumene anamuika m'manda."

Ine ndakhala pa mapazi a Shehe zaka zinayi, koma dzina limenelo ndinalimva tsiku lomwelo.

"Nsanjeyo sindikukudzudzulani nayo," anapitiriza. "Imabwera yokha ngati malungo, ndipo imakonda kugwira pa munthu amene mumadyera naye mbale imodzi, pakuti wa kutali simudziyeza naye. Pa zimene zikuwawa mumtima pemphani Allah akuchizeni, ndipo mumupempherere Twaibu pomutchula dzina ngakhale lilime likulemera. Chimene mudzafunsidwe ndi chimene muchite ndi pakamwa panu. Riziki lake, gawo limene Allah anamulembera, silinachotsedwe pa lanu. Ndipo njinga ija ikadalipo. Twaibu akapita, Abiti Jafali adzafuna munthu wa Lachiwiri."

Imedi anatsegula pakamwa kuti ayankhe, koma foni inalira m'manja mwake. Anaiyang'ana. Nambala yachilendo. Inalira kachiwiri, kachitatu. Ndaona anthu ambiri ataima pakati pa kugula ndi kusiya, ndipo nkhope yake inali yomweyo.

"Ndiyambire pati?" anafunsa.

"Pa Lachiwiri loyamba," anatero Shehe.

Imedi ananyamuka, anavala nsapato molakwitsa phazi, n'kupita pansi pa mtengo wa mango uli pafupi ndi chitsime. Mawu ake ankamveka pang'ono. "Eya, ndine. Ndimamudziwa, zaka khumi ndi chimodzi. Muli ndi nthawi, bwana? Chifukwa nkhani yake ndi yaitali." Kenaka tinamva za njinga, za mvula, za madiresi, za kusayinitsa aphunzitsi. Tinamvanso akuti, "Tsikulo linali langa, iye anangondiyendera." Za kolala sanaiwale. Anazinena kawiri.

Shehe anatolanso singano yake. Ine zimene zinkandivuta zinali za malonda, pakuti sindigona bwino ndikapanda kudziwa amene wapusa pa msika.

"Shehe," ndinatero, "ndiye pa malonda a Malachiwiriwa, wadyeredwa ndani?"

"Palibe, Che Bwanali. Aliyense walipira chimene anatenga. Twaibu analipira miyendo yake zaka zitatu, walandira Limbe. Imedi analandira mthunzi zaka zitatu, walipira Limbe."

"Mthunzi wodula umenewo."

Shehe anayang'ana ku mtengo wa mango, kumene Imedi anali akulankhulabe, dzanja lina likupukuta m'maso.

"Wodula," anatero. "Koma iye walipira ntchito yokha, mnzake watsala naye. Ine pa malonda omwewa ndinalipira ulendo, n'kubwereranso kukawonjezera Mussa. Che Imedi wagula motchipa."