Tisungane ndi Timatumba Topanda Mayina

Ana inu, aphunzitsi akakuuzani kuti miyambi yonse inachokera kwa makolo akale ovala nyanda, muziwavomera kuti mukhoze mayeso. Koma ulipo umodzi umene unabadwira kuyunivesite, m'chipinda chosungiramo mtedza. Ine sukulu ndinalekezera panjira, koma makutu angawa anafika mpaka kumeneko.

Payunivesite ina, dzina sinditchula, panali mtsikana wina dzina lake Tisungane Malikebu. Digiri yoyamba anali atakhoza kale, ndipo anabwerera kukatenga yachiwiri, ija amati masitazi. Imeneyi si yokhala m'kalasi n'kumakopera za pabolodi ayi. Munthu amasankha funso lake, n'kukafufuza yekha yankho, kenako n'kulemba chibuku. Tisungane anasankha za chuku, nkhungu ija imagwira mtedza n'kumadwalitsa anthu. Ankafuna kudziwa kasungidwe kamene kamateteza mtedza kwambiri, kaya m'nkhokwe, m'matumba kapena m'mitsuko.

Tsiku loyamba anamupatsa buku la malamulo, lonenepa moti akuti dalaivala wina anatchingira nalo tayala la lole pamtsetse. Mkati mwake munali mawu oti wophunzira azionana ndi womuyang'anira mwezi uliwonse, zinthu zikuyenda kapena ayi, ndiponso azipereka lipoti pa miyezi isanu ndi umodzi iliyonse. Zonse zinayenera kutha m'zaka ziwiri, ndipo wofuna nthawi yoonjezera ankayenera kupempha zakazo zisanathe. Tisungane anasaina mokondwa.

Womuyang'anira anali a Pulofesa Chakhumbira, bambo wa imvi, wouma pakamwa poyamikira munthu. Koma atawerenga dongosolo la kafukufuku wa Tisungane, anaimirira pamsonkhano wa dipatimenti yonse n'kunena kuti pa zaka makumi awiri anali asanaonepo mutu wakuthwa chotere. Mawuwo anakwera basi mpaka kwawo kwa mtsikanayo, ndipo mayi ake anawafalitsa kumvano, kuchigayo ndi kumjigo komwe.

Nthawi yokolola itakwana, Tisungane anakonzeka kupita kumidzi itatu kukatapa mtedza pang'onopang'ono m'mabanja makumi asanu ndi anayi. Kathumba kalikonse kanayenera kukhala ndi kapepala kolembapo dzina la banja ndi kasungidwe kake. A Pulofesa anamuchenjeza kuti alembe ndi pensulo, chifukwa inki imaopa madzi. Iye anaseka chamumtima. Munthu wa masitazi n'kumanyambita pensulo ngati mwana wa sitandade wani? Anagula cholembera cha inki yobiriwira, chooneka bwino.

Masabata atatu anayenda khomo ndi khomo, kugwada, kupereka moni, kufotokoza, kutapa. Pobwerera anakwera matola opanda tenti, ndipo chiperoni chinawapeza panjira, kamvula kowaza kaja kopanda phokoso koma kolowa mpaka m'mafupa. Atafika n'kumasula katundu, timapepala tonse tinali titasanduka tobiriwira ngati masamba a chisoso. Dzina lowerengeka panalibe ngakhale limodzi. Mtedza unalipo, koma wa yani? Wa m'nkhokwe ndi uti, wa mumtsuko ndi uti? Popanda kudziwa zimenezo, kuyeza kunali kutaya nthawi.

Anaunjika timatumbato pakona m'chipinda chosungiramo mbewu, chimene ankasamalira bambo Gwaza, n'kupita ku ofesi ya a Pulofesa. Anakweza dzanja kuti agogode. Pomwepo anakumbukira msonkhano uja, anakumbukiranso za pensulo, ndipo dzanja linatsika lokha. Anadziuza kuti abwera mawa.

Mawa linabala mawa linzake. Mtsikanayo anaphunzira kulira kwa nsapato za a Pulofesa moti ankazimva zikadali kunyumba kwawo. Anasiya kudutsa pakhonde la dipatimenti, n'kumazungulira kuseri kwa khitchini, ndipo akuti kanjira kamene anaponda kumeneko mpaka lero sikamera udzu. Uthenga wa pafoni ukabwera ankayankha kuti watanganidwa. Kenako anasiya kuyankha, kenako anasintha nambala.

Mnzake wogona naye chipinda chimodzi, Esinala, ndiye yekha ankadziwa.

"Iwe, mtedza sulankhula," anatero Esinala. "Ingogawira mayinawo mmene ukufunira. Adzakufunsa ndani?"

Tisungane anakana. Anati kupeka zotsatira ndi mlandu waukulu kuposa yonse m'buku lija, ndiponso anthu a kumidzi ija angadzadye chuku chifukwa chokhulupirira bodza lake.

"Chabwino, mayi busa. Bodza ukukana. Ndiye pita ukanene zoona."

"Ndipita mawa."

Lipoti limodzi silinapite, lachiwiri silinapitenso. Mvula inagwa, mtedza watsopano unadzalidwa, unakhwima n'kukololedwa, iye akungozungulira kuseri kwa khitchini. Anaonda. Mayi ake akaimba foni kufunsa tsiku lodzavala chipewa cha makona anayi kuti ayambiretu kusoketsa chitenje, ankawauza kuti foni ikudukaduka.

Zaka ziwiri zitatha, bambo Gwaza anamupatsa kalata. Inali ya mizere inayi. Komiti yoona za maphunziro inali itamuchotsa.

Popeza chimene ankaopa chinali chitagwa kale, miyendo inapepuka. Tsiku lomwelo anagogoda pachitseko cha a Pulofesa chija, anakhala pampando n'kufotokoza zonse, maso ali pansi. A Pulofesa anavula magalasi.

"Mwana wanga, inki ndi imene mwandibisalira chaka ndi miyezi yonseyi?"

"Ndinachita manyazi, bwana. Munandiyamikira pagulu."

"Masiku amene munanyowa aja, galimoto ya dipatimenti inkapita kumidzi yomweyo Lachinayi lililonse. Mukanagogoda, ndikanakukalipirani mphindi khumi, ndipo Lachinayi mukanakatapa mtedza wina."

Anamuuzanso kuti iwo eni, ali wophunzira, mbuzi zinawadyera munda wonse wa kafukufuku, ndipo anakanena tsiku lomwelo akulira. Kenako anatsegula kabati n'kutulutsa pepala limodzi lopemphera nthawi yoonjezera. Mbali yawo anali atasaina miyezi itatu yapitayo. Mbali ya wophunzira inali yoyera.

"Nanga pano, bwana?"

"Pano palibe. Ndinakupepeserani kawiri kukomiti. Anandifunsa malipoti anu, ine ndinalibe choonetsa."

Mmawa mwake a Pulofesa anamuuza kuti akachotse katundu wake m'chipinda cha mbewu, chifukwa malowo ankafunika kwa wophunzira wina. Bambo Gwaza anamuthandiza. Timatumba tambiri tinali tobooka, mtedza wosanduka makoko. Atachotsa kathumba komaliza, anaona una, dzenje la mbewa, m'munsi mwa khoma. Pakamwa pa unawo panali mbewa yakufa, youma gwa, nthiti zikuwerengeka, mphuno itangosuzumira kunja.

Bambo Gwaza anaikoka ndi kamtengo n'kuiyang'anitsitsa. Anati mbewa za m'chipindamo ankazidziwa zonse. Zinzake zinkatuluka masanasana, iwo n'kumazithamangitsa ndi tsache, zina mpaka kuduka michira, koma zinkadya n'kunenepa. Iyi yokha ankangoiona ndevu. Ikamva phazi, inkabwerera.

"Onani, achemwali," anatero. "Chakudya chili apa, iyo ili apa. Sinaphedwe ndi mphaka kapena tsache. Inali ya manyazi imeneyi, yafera kuuna."

Atakweza maso anaona kuti mtsikanayo akulira, ndipo anazindikira zimene ananena. Anavula chipewa n'kupepesa. Tisungane anapukuta misozi, anati palibe cholakwa, n'kunyamula sutikesi yake kulowera kokwerera basi.

Mawu a bambo Gwaza anatsala. Ophunzira anayamba kuuzana m'makonde, mpaka anatuluka pageti n'kufika m'midzi. Ndiwo mwambi uja timati, mbewa ya manyazi inafera kuuna. Tanthauzo lake ndi lakuti munthu amene wagwa m'vuto koma akuopa kulinena kwa omwe angamuthandize amavutika thandizo lili pafupi. Kulakwitsa aliyense amalakwitsa, ngakhale a imvi ndi magalasi. Chinamuchotsa sukulu Tisungane si chiperoni ayi. Chiperoni chinangomulanda masabata atatu, ndipo zotsalazo anazitaya yekha pamene anatsitsa dzanja pachitseko.