Denga la a Kafuwa

Ananu, mwambi uliwonse uli ndi kumene unabadwira. Uwu unabadwira kuseri kwa phiri, pakhomo pa mkulu wina dzina lake a Kafuwa.

A Kafuwa ankakhala okha kumapeto kwa mudzi. Akazi awo anamwalira kalekale, ndipo ana awo awiri anapita kutali kukafuna ntchito, osabwereranso. Amene ankapondako pakhomopo anali Namilanzi yekha, mwana wa mlongo wawo, mayi wa ana atatu.

Namilanzi ankawanyadira atsibweni akewo. Khasu likatha ankasula okha, mpini n'kusema okha. Mphasa, nkhokwe, mtondo, ngakhale mbiya zimene amaumba ndi amayi, zonse zinkatuluka m'manja mwawo. Sanabwerekepo nkhwangwa kwa munthu, sanapalepo moto kwa mnansi. Anthu ataona kuti mkuluyu sasowa kanthu, anasiya kuwazonda. Iwo sanadandaule, kungoti masiku ena Namilanzi ankawapeza akucheza ndi nkhuku.

Chaka china chiswe chinadya nyumba yawo. Anadula mitengo, anazika, anamata, zonse okha. Denga analimangira pansi monga ankachitira masiku amenewo, lozungulira, lolukana bwino ngati lichero. Chinatsala n'kulikweza pamwamba pa khoma.

"Atsibweni, ndikawauze amuna anga abwere ndi anzawo adzakuthandizeni kukweza," anatero Namilanzi.

"Iyayi, mwanawe. Anthu ali ndi minda yawo. Ndamanga ndekha, ndikweza ndekha."

Namilanzi sanatsutse. Chibadwire chake anali asanaonepo chinthu chikuwakanika atsibweni ake.

Mawa lake dzuwa litapendeka, anawatengera futali m'kambale. Atafika anapeza pabwalo pali zii, mbuzi ikulira pachingwe, yosamasulidwa. Denga linali lidakali pansi, koma litasuntha pamalo pake.

"Odi, atsibweni!"

Kunamveka mawu osasa, ochokera pansi pa dengalo. "Ndi iwe, Namilanzi?"

Mkuluyo anali atapota nkhata m'mamawa, n'kukwawira pansi pa denga kuti alinyamule ndi mutu. Linadzukadi pang'ono, koma mawondo anagwedezeka, ndipo denga lonse linawagwera, kuwapanikiza pamsana.

"Ndakuwa kuyambira m'mawa," anatero a Kafuwa. "Ndinayamba kuitana anthu mmodzimmodzi, koma ena mayina awo ndinapeza kuti ndawaiwala. Pomaliza ndimangoitana mkazi wanga, amene ali kumanda."

Namilanzi anataya mbale, nagwira m'mphepete mwa denga. Anakoka mpaka nsungwi zinamucheka m'manja, koma silinasunthe. Anathamangira kumudzi akulira.

Kunabwera amuna asanu ndi atatu. Anatukula dengalo, n'kuwatulutsa a Kafuwa ndi kuwagoneka pamphasa pansi pa mtengo wa masuku. Kenaka, popanda wowapempha, amunawo analizungulira dengalo. Wina anakuwa kuti, "Tiyeni! M'mwamba!" Kanthawi kochepa denga linali litakhala pakhoma, lokwana ndendende.

A Kafuwa anangoti kukamwa yasa. Misozi inatsikira m'ndevu zawo.

"Kodi n'lopepuka chonchi?" anafunsa motsitsa mawu. Anatembenukira kwa mwana wa mlongo wawo uja. "Namilanzi, luso ndinali nalo, mphamvu ndinali nazo, koma mutu ndili nawo umodzi. Mutu umodzi susenza denga."

Msana wawo sunawongokenso. M'nyumba yatsopanoyo anagonamo dzinja limodzi lokha, ndipo atamwalira, amuna omwe aja ndi amene anawanyamula. Namilanzi anasunga mawu aja, nawauza ana ake, ana akenso n'kuuza awo, mpaka atifika ife.

Tsono mukamva akulu akunena kuti mutu umodzi susenza denga, sakunyoza munthu wolimbikira ayi. Kudzidalira n'kwabwino. Akutanthauza kuti pali ntchito zina, ndi mavuto ena, zimene zimafuna anthu ambiri, ngakhale mwini wake akhale waluso chotani. Ndipo anthuwo uziwaitana udakali chiimire, chifukwa ukagwa, mawu safika kutali.