Mlembi Timóteo Akwera Chitunda cha ku Domwe

Pa tiribunale ina kuno ku Angonia, nyumba yoweruzira milandu, padali mlembi dzina lake Timóteo. Adali munthu wansangala, wa pakamwa potsekemera, woti ngakhale akubweze chimanjamanja unkachoka ukumwetulira. Koma mtima wake udali ku munda wa mbatata ya kachewere. Nyengo yokumba ikafika, mpando wake unkatsala utavala kazako, jekete lake, mwini wake ali ku Kalomwe kutsutsana ndi ogula a pamalire.

Anthu akukolola, kudabwera Mayi Isaura a ku Domwe, amene amuna awo adamwalira. Alamu awo, a João, adawalanda dimba la m'mbali mwa mtsinje, momwe ankalima mpiru ndi matimati olerera ana. Woweruza, Mayi Cristina, adamva dandaulo lawo, nalamula kuti dimbalo wina asalikhudze mpaka mlandu utazengedwa, ndiponso kuti a João aitanidwe msanga. Kutumiza kalata yowaitana idali ntchito ya Timóteo.

"Mayi, pitani mtima uli m'malo," adatero iye akuwaperekeza pakhomo. "Sabata yamawa alamu anu akhala atailandira."

Sabata idafika, kalata ili chigonere. Mayi Isaura akabwera, ankapeza chifukwa chatsopano chikuwadikira. Lero njinga yamoto ilibe mafuta, tsiku lina wokapereka makalata wadwala. Chilimwe chonse msewu wa ku Domwe udali wouma gwa, koma Timóteo ankangoti mawa. Dimba lija lidamera chisoso, madzi a mumtsinje nkumangodutsa osathirira kanthu.

Mvula itakhazikika, kudafika akuluakulu ochokera ku Tete, oyendera ntchito za oweruza ndi alembi awo. Sadathamangire mu ofesi. Adayamba akhala pakhonde, kucheza ndi anthu odikira milandu.

"Amayi, inu mudayamba liti kubwera kuno?" adafunsa wamkulu wawo.

"Ndidayamba tikukolola, bambo," adayankha Mayi Isaura. "Lero chimanga china chafika m'mawondo, alamu anga sadaitanidwebe."

Woweruza ndi mlembi adaitanidwa onse awiri. Mayi Cristina sadazungulire. "Kulamula ndidalamula, koma sindidabwerere kukaona ngati zachitika. Mbali imeneyo ndi yanga," adatero, nalandira chenjezo mutu uli pansi. Timóteo adayamba kuyala nkhani ya mafuta, koma mkulu uja, amene adali atamva zambiri pakhonde, adamudula.

"A Timóteo, mafuta opitira ku Domwe ankasowa, koma a ku Kalomwe ankapezeka?"

Timóteo adapatsidwa chenjezo lolembedwa, nkhani yomukweza pa ntchito nkuimitsidwa. Woweruza adawonjezera kuti kalatayo akapereke yekha mmawa mwake, mvula igwe, isagwe.

Ndipo idagwadi. Njinga yamoto idatitimira m'matope mudzi uli patali, iye nkuisiya pakhomo pa munthu. Adawoloka mtsinje madzi akulekeza m'chuuno. Kutsidya kudali chitunda cha dothi lofiira, choterera ngati therere. Adayesa kukwera choimirira, adagwa chagada. Adayesanso, adagwanso. Pomaliza adavula nsapato, kalata adaibisa m'chipewa, nayamba kukwawa ndi manja ndi mawondo, amayi opalira m'minda atatsamira makasu, akuseka mpaka misozi.

Pamwamba pa chitundacho adakumana ndi Mayi Isaura. Sadamunyoze. Adamutengera kwawo, namutungira madzi osamba, nkumuwotchera chimanga cha m'dimba la anansi awo.

"Msewu wake ndi umenewu, a mlembi," adatero akumwetulira.

"Pepani, mayi," adayankha Timóteo akupukuta matope m'makutu. "Ine ndinkangoumva."

Iwo omwewo adamulozera khomo la a João, kalata nkufika m'manja mwa mwini wake. Mlandu udazengedwa mwezi womwewo, mboni zidalankhula, dimba lidabwerera kwa Mayi Isaura. Mvula itatha adalisosa ndi ana awo, ndipo matimati adabereka mpaka mitengo yochirikiza idapindika.

Timóteo akadali pa tiribunale pomwepo, nsangala zake sizidathe, mbatata akulimabe Loweruka. Koma masiku ano woweruza akalamula, kalata imanyamuka inki isadaume, ndipo Mayi Cristina amafunsa ngati yafika. Anthu a ku Domwe akamadutsa pa chitunda chija amakumbutsana kuti makolo sadaname: zengerezu adalinda kwawukwawu.