Zala Ziwiri za Felisberto

Mu bairo ya Chiuaula, dera lina la tauni ya Lichinga, munalibe khomo losesedwa ngati la Custódia. M'zaka zija za nkhondo, sopo akusowa mu Lichinga monse, malaya a mwamuna wake Felisberto ankayerabe mbee. Bamboyu ankalemba makalata pa makina mu ofesi ina ya boma, ndipo zala zake ndizo zinkadyetsa banja. Custódia anali mayi wamtima wabwino, palibe angatsutse, koma nkhani ya ulemu wa pakhomo pake sankaseka nayo.

Felisberto anayamba kumwa chaka chimene mng'ono wake anaphedwa pa msewu wa ku Lione. Pamaliro sanakhetse msozi. Chisoni chake anapita nacho kwa Alda, mayi wotcheza kachasu kuseri kwa msika. Poyamba linali Loweruka lokha, koma pofika nyengo yokumba mbatata tsiku lililonse linasanduka Loweruka.

Mu bairomo munali kagulu ka amuna osiya mowa, Akhristu ndi Asilamu omwe. Ankakumana Lamulungu masana pa khonde la Fakihi, kalipentala amene nayenso mowa unamuonetsa zakuda paunyamata wake. Mwambo wawo unali wovuta kumeza. Munthu akafuna kusiya, ankayenda naye dzuwa likuswa mtengo, mkazi wake ali pambali, khomo ndi khomo kwa onse otcheza kachasu, nkumawauza kuti uyu ndi wathu, musamugulitsenso. Akatha chaka osalawa, bairo yonse inkamuvinira.

Fakihi anabwera yekha kudzayamba nkhaniyo mwaulemu. Custódia anamupatsa mpando, koma mawu ake sanawapatse malo.

"A Fakihi, bambo a Noémia ndi funsiyonariyo, wantchito wa boma. Ndiwayendetse m'misewu ngati mbuzi yopita kumsika? Pakhomo pano palibe chidakwa."

Kalipentala uja sanalimbane naye. Anangoti khonde lake lilibe chitseko, nkutsazika.

Apa mpamene Custódia anapeza nzeru imene ankaiyesa yakuya. Anaganiza kuti vuto si kumwa ayi, koma kuonedwa ukudzandira. Anayamba kupita yekha kwa Alda m'mamawa, botolo nkulikwirira pansi pa nyemba m'dengu, kuti mwamuna wake azimwera m'nyumba. Anthu analeka kumuona Felisberto akugwa m'ngalande, ndipo mayiyo ankayenda mutu uli m'mwamba. Koma kuseri kwa chitseko kunalibe mnzake womulanda tambula, kunalibenso mtunda woyenda kuti mowa utsike. Munthu anayamba kutha ngati kandulo. Ku ofesi mkazi wake ankakanena kuti ndi malungo, malungo odabwitsa ogwira Lolemba lokhalokha.

Lamulungu lina mu Juni, kuzizira kwa ku Lichinga kukulowa m'mafupa, Custódia anamuyatsira mwamuna wake mbaula, natenga mwana wawo Noémia kupita ku Misa. Chitseko anakhomera kunja, kuopa kuti bamboyo angatuluke nkuwachititsa manyazi pamaso pa opita kutchalitchi. Felisberto anamwa mpaka kukomoka, nagwa dzanja lamanja lili pa makala. Fakihi ndi anzake, podutsa, anamva fungo ndi kubuula, nathyola chitsekocho. Kuchipatala moyo anaupulumutsa, koma zala ziwiri anadula.

Custódia anakhala pambali pa bedi masiku atatu, mtima ukumudya. Ankayembekeza kukalipiridwa, ndipo mwina zikanamupepukira. Koma Felisberto anangomuyang'ana mwachifundo.

"Amake Noémia, mwandibisa mokwanira. Ndatopa kubisika. Mundiperekeze kwa a Fakihi."

Ulendo uja anauyenda bala lisanapole. Anthu anatuluka m'nyumba kudzaonera, monga mmene Custódia ankaopera, koma palibe anaseka. Ena anangolowa pamzere nkumatsatira. Pa khomo lililonse Fakihi ankanena mawu amwambo aja, wotcheza nkuvomera. Atafika kwa Alda, mwini khomo sanayang'ane Felisberto konse, maso ake anali pa mkazi. Fakihi asanatsegule pakamwa, Custódia anapita patsogolo.

"Mana Alda, pano woti musamugulitsenso ndine. Botolo ndinkadzatenga ndine, mukudziwa."

Alda anapukuta manja pa chitenje, namugwira paphewa. "Ndamva, komadre, mayi mnzanga. Ndinkachita kusowa poyambira kukukanizani." Amayi awiriwo analira atagwirana, amuna aja akuyang'ana pansi.

Tisaname kuti zinayenda myaa. M'mwezi wachitatu Felisberto anaterereka, atapeza kachasu wa ku bairo ina. Ulendo uno Custódia sanakhome chitseko, anathamangira kwa Fakihi mpango uli m'manja, ndipo amuna aja anasinthana kukhala naye sabata yathunthu. Anayambiranso kuwerenga miyezi. Pa makina sanabwererenso. Ku ofesi anamusiya kuti azisunga mafayilo, ndipo Loweruka ankathandiza kupala matabwa kwa Fakihi.

Chaka chitakwana, ngakhale zinthu zinali zosowa, bairo inasonkha chimene inali nacho: uyu mbatata, uyu nyemba, amayi a kumzikiti ndi a kutchalitchi nkuphikira limodzi thobwa lozuna. Ng'oma zinadutsa njira yomwe ija, nthungululu zili pakamwa, Alda naye ali m'gulu. Custódia, amene kale sankavina ngakhale pa ukwati kuopa fumbi, anavina mpaka mpango kugwa.

Atapemphedwa kuti alankhule, anakweza dzanja lolumala la mwamuna wake kuti onse alione.

"Abale anga, zala ziwirizi musanamizire moto. Zinadyedwa ndi manyazi anga. A Fakihi anabwera zili zisanu, ine ndinawabweza."

Felisberto anatsitsa dzanjalo pang'onopang'ono, nagwira nalo la mkazi wake. "Zatsalazi zikukwana kukugwirani, amake Noémia," anatero, ndipo kwa nthawi yoyamba chimwalirire mng'ono wake, anthu anamuona akulira.

Iwo anachita mwayi kuti chitseko chinathyoledwa mpweya ukadalipo. Ambiri amene timawakhomera m'nyumba pofuna kusunga dzina sapeza wodutsa pakhomo. Akuluakulu sananame: mbewa yamanyazi idafera kuuna.