Dothi la Naliyera lidakwera phiri

Kalekale, ana inu, tauni ina isanakhale ndi dzina, padali phiri ndi dambo. Paphiri padali nyumba za malata, msewu ndi mipopi ya madzi. Kudambo kudali tinyumba tothinana ndi udzudzu wonenepa. Pakati pake adadzalapo mzere wa mitengo ya bulugamu, kuti a kumtunda asamaone utsi wa kumunsi.

Kudamboko kudakwatiwa mayi wina dzina lake Naliyera. Mwamuna wake, Kamphinda, adali woumba njerwa. Ankakumba dothi kuseri kwa nyumba yawo, n'kuponda, n'kuumba, n'kuwotcha. Ngolo zinkabwera kudzanyamula. Dzenje linkakula. Linkakula, linkakula, mpaka lidatsala pang'ono kunyambita khoma la kuchipinda.

Naliyera adali woyembekezera, ndipo mitambo idali itayamba kusonkhana. Ankafuna chinthu chimodzi basi: kuti mwana wake abadwire pouma. Koma mayiyu adalinso ndi matenda ake, matenda a mafunso. Ngakhale nkhuku ikadutsa pakhomo, ankafuna kudziwa kuti ikupita kwa yani.

Tsiku lina adafunsa mwamuna wake, "Bambo, n'chifukwa chiyani amphawi tonse tidaunjikana m'matope muno?"

"Tidapeza zili choncho," adayankha Kamphinda. "Ine pochokera kumudzi ndidafikira kwa amalume. Amalume adafikira kwa achimwene awo. Mlendo amafikira kwa wakwawo, safikira pageti pomwe pali agalu."

"Nanga woyambayo adafikira kwa yani?"

"Iii, mayi inu! Tandipatsirani chikombole icho ndiumbe."

Naliyera adapita kwa mnansi wake Nankwenya, wogulitsa mandasi. "Anzanga, kodi kuno sikudatulukepo munthu wolemera?"

Nankwenya adaseka chikhakhali. "Adatuluka ambiri! Wa chigayo uja. Telala uja. Koma munthu akangoyamba kunona, amakwera phiri. Aphunzitsi adakwera, sukulu idawatsatira. Ufa umapita, kuno kumatsala ife gaga."

"Nanga n'chifukwa chiyani?"

"Kafunseni ngolo, mayi. Ndi zimene zimafika kumeneko."

Nankwenya ankangocheza. Koma Naliyera adati mumtima, safunsa adadya phula. M'mawa mwake ngolo ya njerwa itanyamuka, iye pambuyo. Ngolo patsogolo, iye pambuyo. Adadutsa mitengo ya bulugamu ija, dzanja pamsana, mimba patsogolo, mpaka adafika pamwamba.

Ha! Kamphepo kayaziyazi. Pansi pouma gwa! Malo aakuluakulu opanda munthu, mwangomera udzu. Amisiri ankatsitsa njerwa n'kumamanga mpanda wautali woti munthu sangasuzumire. Naliyera adatola njerwa imodzi, adaitembenuza, adainunkhiza. Lidali dothi lomwe lija la kuseri kwa nyumba yake, pamene ankayanika mbale.

Pafupi padali bambo woyeza malo, chingwe paphewa, zikhomo m'manja. Naliyera adapereka moni mwaulemu, kenaka adati, "Bwana, malo onsewa, sindingamangepo kanyumba?"

"Mungamange, mayi. Ife sitikaniza munthu. Lamulo limangoti nyumba ikhale yaikulu, ya njerwa zowotcha, ya malata, yokhala ndi mpanda."

"Njerwa ndiye n'zathu, bwana."

"Zidali zanu. Mudagulitsa."

"Nanga kudambo adatiikako ndani?"

Woyeza malo adakanda kumutu. "Amene adayamba kuyeza ankafuna antchito akhale pafupi kuti azifika msanga, komanso patali kuti maliro awo asamamveke. Ine chingwechi ndidangochilandira."

"Nanga mipopi bwanji siitsikira kwathu?"

"Mpopi umatsata msewu. Msewu umatsata nyumba zabwino."

"Nanga mpandawu ngwotchinga yani?"

Bamboyo adayang'ana mapazi amatope a Naliyera. Adangokhoma chikhomo chake, kho! kho! kho!

Naliyera adatsika phiri. Yankho adalipeza, koma lidali lowawa. Atafika adapeza mwamuna wake ali m'dzenje, akungooneka chipewa chokha.

"Bambo, lekani kukumba! Dothi lathu kumtunda amalilandira, ife satilandira. Phiri likukwera, ife tikumira. Ndipo mpanda wotitsekera panja mukuumba ndinu!"

"Ndamva, mayi. Koma ndikaleka tidya chiyani? Uvuni umodzi wokha, wotsiriza."

Musamuseke Kamphinda, ana inu. Sadali chitsiru ayi. Njala ikakhala pakhomo, mawa limaoneka kutali. Adakumba. Adaponda. Adaumba.

Ndiye mvula idabwera. Idagwa pamalata a paphiri, idatsikira mumsewu wa paphiri, idathamanga pansi pa mitengo ya bulugamu. Madzi saiwala khwawa. Onse adakakumana kudambo. Dzenje lidadzaza, lidasefukira, lidayamba kudya maziko. Dzuwa lili pamutu, anthu adangomva kuti gumu! Khoma la kuchipinda lili m'madzi, mphasa ikuyandama.

Tsiku lomwelo nthawi ya Naliyera idakwana. Amayi oyandikana nawo adazula chitseko kwa Nankwenya, adachisanjika panjerwa zosweka, madzi ali m'maondo. Pachitsekopo padabadwa mwana wamkazi. Adalira mwamphamvu, ndipo amayi adaululutira. Koma Naliyera adalira nawo. Zidamupweteka kwambiri kuti mkazi wa woumba njerwa alibe ngakhale khoma limodzi lotchingira mwana wake.

Mvula itatha, adasenza katundu wawo. Kumtunda sakadapita. Adapita kutali, kuseri kwa dambo, kumene tauni idali isanafike. Anzawo ena amene nyumba zidawagwera adatsatira, poti mmphawi amafikira kwa mmphawi mnzake.

Atangotula katundu, Kamphinda adawerama. Adatapa dothi, adalifikisa ndi zala, maso ake adawala. "Mayi, taonani dothi ili! Lomata bwino! A kuphiri akaliona adzalikonda."

Naliyera adatsitsa mwana kumsana. Adayala chitenje pamalo pomwepo, adakhala pansi, adayamba kuyamwitsa mwana.

"Umbani, bambo. Koma dothi mukakumbe uko, kutali ndi khomo. Ndipo uvuni woyamba ndi wa nyumba ya mwana uyu."

"Tidya chiyani pomanga?"

"Tidya bonongwe. Sitifa."

"Nanga a kuphiri akabwera kudzafuna njerwa, ndiwauza chiyani?"

Naliyera adapukuta mkaka pakamwa pa mwana. "Muwauze akakumbe kuseri kwa nyumba zawo."

Kamphinda adayang'ana mkazi wake, adayang'ana khandalo. Kenaka adanyamula khasu, n'kuyamba kulemba maziko mozungulira pamene adakhala awiriwo.

Nthano yanga yapsa, ndaiphula, yathera pomwepa. Ana inu, ngakhale njala iwawe chotani, musamagulitse dothi limene mwaimapo.