Duwa Lothamanga la a Lumo

A Lumo anali ometa tsitsi, ndipo dzinali anawapatsa ndi makasitomala chifukwa cha liwiro la dzanja lawo. Ukakhala pampando, usanamalize n'komwe kufotokoza za kunyumba, mutu wayera kale. Koma kuseri kwa nyumba yawo, momwe munalinso shopu yawo yometera, kunali kabedi ka maluwa komwe kanawakanika. Kanali pansi pa mtengo wa mapeyala, pomwe dzuwa linkangosuzumira m'mawa n'kuthawa. Kapinga anakana, marozi anafa chiimire.

"Abambo, mumakongoletsa mitu ya eni ake, koma pakhomo panu pali dazi," ankatero akazi awo akamadutsa ndi kheni yothirira kupita kudimba lawo la anyezi ndi tomato, lomwe linagundana ndi kabediko.

Tsiku lina mawuwo atawakwana, a Lumo anapita kwa mayi wina wogulitsa mbande m'mbali mwa msewu. Mayiyo anawapanikiza ndi mafunso ngati dokotala: dzuwa limafika nthawi yanji, dothi limasunga madzi kapena ayi. Kenaka anawaonetsa timbande ta masamba a mizere yoyera, ndi tina tonga udzu wamfupi.

"Izi zimakonda kamthunzi, sizivuta, ndipo zimakhala pomwe mwaziika. Kungoti muzilezere mtima miyezi isanu ndi umodzi kuti zitseke dothi."

"Miyezi isanu ndi umodzi? Mayi, tsitsi la munthu limabwerera m'milungu iwiri. Nanga icho?" Analoza chomera chofiirira chomwe chinasefukira m'ndowa yakale pakona.

"Icho ndi mlongo wake wa khovani, udzu wovuta m'munda uja, bambo. Chimathamanga ngati chaba. Ndimachisunga m'ndowa dala. Mukachiika pansi simudzachiuza poima."

"Ndi chimenecho ndikufuna, chodzilera chokha. Chikapitirira ndizichimeta. Kodi kumeta ndingachite kuphunzitsidwa?"

Mayiyo anangopukusa mutu n'kuwathyolera tinthambi todzaza dzanja.

Mwezi usanathe, kabedi konse kanavala chofiirira chonyezimira. A Lumo mapewa anakwera. Ankatulutsa makasitomala nsalu ikadali m'khosi, mutu wometedwa mbali imodzi, kuti akaone zodabwitsa za kuseri. "Ena amadikira theka la chaka," ankatero, akuseka chikhakhali.

Mvula itagwa, chomera chija chinadumpha njerwa za m'mphepete n'kulowa m'dimba. Chinakumbatira anyezi, chinakwera tomato mpaka kumutu. Akazi awo atayamba kuyankhula ndi mapoto okha m'khitchini, a Lumo anatenga sizasi yaikulu n'kuchimeta bwinobwino, mizere yowongoka ngati ya mwana wa sukulu. Zometazo anazisesera m'ngalande ya madzi yodutsa pansi pa mpanda, monga amachitira ndi tsitsi. Anaiwala kuti tsitsi likagwa lagwa, pomwe kanthambi kalikonse ka chomera ichi kakakhudza dothi kamatulutsa mizu.

M'mawa wina kunagwa chimvula champhamvu. A Lumo ali pakati pometa ndevu za munthu, chitseko chinatseguka mwaukali. Anali aneba awo, mayi osoka zovala, atanyowa mpaka m'mafupa. Dzanja lina ananyamula mtolo wa chomera chofiirira, lina diresi loyera la mkwatibwi, m'munsi monse muli thope.

"Aneba, mlendo wanuyu watseka ngalande yonse. Madzi asowa njira, alowa mosokera mwanga mpaka pansi pa makina. Ukwati wa mwini diresili ndi Loweruka lino. Ndikamuuze kuti chiyani?"

A Lumo anayang'ana diresilo. Kasitomala uja, thovu lili m'masaya, anadzuka yekha pampando. "Pitani bwana, ndevuzi sizithawa."

Tsiku limenelo anthu a mumsewuwo anaona zomwe anali asanaonepo: a Lumo atapinda buluku mpaka m'maondo, ali m'ngalande, akuzula ndi manja ometera aja. Akazi awo, ngakhale anali okwiya chifukwa cha anyezi, ndiwo anapulumutsa zinthu. Ananyika diresilo katatu, kulichapa mofatsa ndi sopo, mpaka linayera moti mkwatibwi sanadziwe kanthu. Atamaliza anakoka mpando, n'kukhala pamthunzi kuyang'anira amuna awo.

"Apo mwasiya kamuzu, abambo. Chodzilera chokhatu chimenecho, musachinyoze."

Kuzulako kunadya Loweruka la milungu itatu, tsiku lomwe shopu imadzaza, ndipo makasitomala ena anakazolowera kwina. Mpaka lero, asanatsegule shopu, a Lumo amayamba agwada kaye m'dimba la akazi awo ndi la aneba, kusakasaka timitu tofiirira tomwe timatulukabe ngati tikuwapatsa moni.

Anafuna chomera chosadikiritsa, ndipo anachipeza pamodzi ndi khalidwe lake lonse. Paja amati walira mvula walira matope.